Kabotolo ka Mawondo a Ababa

Ababa anafika kuno ku America, ku South Bend, akuyenda okha, koma chisanu choyamba chisanathe anali atayamba kukwera masitepe chokwawa. Nyamakazi imene ku Zomba inkangowavuta nthawi ya mvula, kuno inawagwira ngati ili nawo chifukwa. M'mawa ndinkawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, thukuta lili kamukamu, akuluma mlomo kuti adzukulu asamve kubuula. Mapilitsi amphamvu ankawapotokola m'mimba, ofooka sankaphula kanthu. Ine namwino wathunthu, wosamalira makolo a eni tsiku lonse, kunyumba kwanga ndinali manja lende. Ndinkalira m'galimoto, n'kupukuta maso ndisanatsegule chitseko.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anatchula za mankhwala otchedwa CBD. Ndinamuyang'ana moipa. "Iwe, ukufuna ndiwapatse chamba akulu ampingo?" Iye anaseka, nati chomera ndi cha mtundu womwewo, inde, koma choledzeretsa chija amachichotsa. Chimene sankadziwa n'chakuti ababa anathamangitsa pakhomo mwana wawo, mchimwene wanga wamng'ono, atamupeza ndi ndudu ya chamba ali ku sekondale. Mpaka lero mchimwene wangayo ali ku Lilongwe, ndipo awiriwa salankhulana.

Komabe munthu ukathedwa nzeru umagogoda paliponse. Ndinakafunsa dokotala wawo. Sanandilonjeze kanthu: ena amati zimawathandiza, ena ayi. CBD wakumwa anakaniza chifukwa cha mankhwala a magazi amene ababa amamwa. Anati ngati n'kuyesa, tiyese zopaka, pang'ono, bondo limodzi kaye, tione ngati khungu silikana.

Mashopu ake ku South Bend alipo. Koma Amalawi a kuno timadziwana magalimoto kuposa nkhope. Ukangopakinga galimoto pakhomo pojambulidwa tsamba la chamba, usanatuluke n'komwe nkhani yafika kale pa gulu la pafoni la amayi a kumpingo. Ndiye ndinayendetsa mpaka ku mzinda wakutali wa Indianapolis, ku msewu wa Lafayette, chipewa chili m'maso ngati wakuba.

Nditalowa m'shopu mutu unazungulira. Masiwiti, madontho, mafuta, zonse tsamba pamwamba. Mayi wogulitsa anaona kuti ndasokonezeka. Anandionetsa kachizindikiro ka pambali pa botolo koti uskane ndi kamera ya foni, uone zimene anapeza atapima mafutawo: CBD alimo wochuluka bwanji, choledzeretsa chija chilimo kapena ayi. Anati botolo lopanda zimenezo ndilisiye, ndipo lolonjeza kuchiza matenda onse ndilithawe. Ndinaskana mabotolo mpaka foni inatentha. Ndinasankha kabotolo kamodzi kakang'ono, kopanda choledzeretsa ngakhale pang'ono.

Pobwerera ndinkaganiza zomatula chipepala chakunja n'kuwauza ababa kuti ndi mafuta wamba. Sindinathe. Ndinagwada pambali pa mpando wawo, n'kuwafotokozera zonse monga zilili.

"Chotsa," anatero.

"Ababa, si chosuta ichi. Dokotala wavomera. Simuledzera, simupenga."

"Ndati chotsa."

Apo ndiye mtima unandikwera. Ndinayankhula zimene mwana sayankhula kwa kholo. Ndinati kodi Mulungu wake uti amene amasangalala nkhalamba ikamakwawa popita kuchimbudzi? Ndinati ndatopa, ndatopa kumva mano akukukutika kuseri kwa khoma. Ndinawauza kuti ndayenda ulendo wonsewo mobisala ngati mfiti chifukwa cha ulemu wawo, iwo n'kumandiuza kuti chotsa? Aaa, ndinalira mokweza, osasamala kuti ana ali pabalaza.

Anandisiya mpaka ndinatha mawu. Kenaka anayang'ana kabotolo kaja, nayankhula motsitsa.

"Mwanawe, sindikuopa kuti sizigwira. Ndikuopa kuti zigwira. Ndikapaka tsamba limeneli n'kudzuka ndikuyenda, ndidzati mwana wanga ndinamuthamangitsiranji?"

Ndinayesa kunena kuti n'zosiyana, kuti mchimwene wanga ankasuta choledzeretsa, koma anangopukusa mutu. Kwa iwo tsamba ndi tsamba.

"Nambala yake uli nayo?" anafunsa. "Yamba wamuimbira iyeyo. Akandiyankha, upake."

Ndinaimba. Inalira, inalira, kenaka ndinamva mawu a mchimwene wanga: "Achemwali, bwanji kumeneko?" Ndinawapatsa ababa foni. Anakonza kukhosi, nati, "Ndine bambo ako."

Kenaka foni inaduka.

Ababa anandibwezera foni ndi manja awiri. Ndinaimbanso, sinayankhidwe. Ndinamulembera mauthenga, ndinachonderera, ndinamutukwana, ndinapepesa. Anawerenga zonse, osayankha.

Ababa anandibwezera foni ndi manja awiri. "Kaike m'kabati," anatero. "Mawa uyesenso kumuimbira."

Kabotolo kaja kakadali m'kabati, pakati pa mchere ndi masamba a tiyi, kosatsegula. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimaimba ku Lilongwe, ababa ali m'mphepete mwa bedi atagwira mawondo awo, akumvetsera foni ikulira.