Makala a shisha a mayi Eveless

A Eveless ndi munthu woti akaona chinthu chachilendo manja amawayabwa. Takhala limodzi zaka zinayi pa hotela ina ku Al Dafna, kuno kumaiko a Aluya, tonse a gulu loyala mipando ndi matebulo a maphwando, ndipo ndatopa n'kuwauza kuti chidwi chawocho chidzawabweza ku Dowa tsiku lisanakwane. Anali kale ndi mawaningi awiri: ina chifukwa chotsegula makina a khofi kuti aone m'kati, ina chifukwa chofunsa mlendo mtengo wa mano ake agolide. Yachitatu kuno ndi khalas, ntchito yatha, tikiti m'manja.

Mayi awo anali woimba ng'oma za chimtali kwa Madisi. A Eveless ali mtsikana ntchito yawo inali yowamba ng'omazo pamoto wa mapesi gule asanayambe. Nkhaniyi ankatiuza pafupipafupi m'basi ya antchito mpaka tinkachita kuimaliza tokha.

Januwale wathayu kunabwera mayi wina wa ku Japan, a Mizuho, kudzaimba pakhonde lalikulu loyang'ana kunyanja. Anali ndi laputopu, timabokosi ta mawaya, ndi kachida ka nsungwi zing'onozing'ono zomangidwa pamodzi ngati mtolo wa mapensulo, kotchedwa sho. Anatifotokozera kuti nyimbo zake n'zakale za kunyumba ya mafumu kwawoko, koma iwo amazisakaniza ndi phokoso la pakompyuta. Ine nditamva zoyeserera pa laputopu ndinati iyi ndi filiji yodwala. A Eveless ayi, anangoima tebulo lili m'manja, kukamwa yasa.

Woimbayo anatulutsa kambaula kamagetsi kakang'ono n'kupempha kuti wina akalumikize, iye akupita kukasintha zovala. Supavayiza wathu anali atanena kuti tidikire wa magetsi. Koma a Eveless kudikira amakudziwa? Kwathu ndi kuno mapulagi ndi amodzimodzi, a mano atatu, ndiye m'mutu mwawo chinthu chikakana kulowa pakhoma mankhwala ake ndi adaputa basi. Anatulutsa yawo m'thumba n'kulumikiza. Kambaula kanangoti phu! kautsi tolo, fungo la waya wopsa. Za ku Japan zimadya magetsi ochepa, ife tinadziwa tsiku limenelo.

Ndinakwiya, sindinama. Ndinawauza kuti akuluakulu ngati iwo, ana awiri ali ku sekondale, angamaseweretse ntchito chonchi? A Mizuho atabwerera, a Eveless anaulula okha asanafunsidwe. Mayi uja nkhope inagwa. Anati popanda kutenthetsa, timalilime ta m'kati mwa nsungwizo timagwira chinyezi cha mpweya wa m'kamwa ndipo sitilira, makamaka ndi mphepo yonyowa ya kunyanjayi. Alendo anali oti afika pakatha mphindi makumi anayi. Supavayiza anali atayamba kale kulemba pafoni, ndipo tonse tinadziwa chimene ankalemba.

Apa m'pamene ndinaona maso a a Eveless akusintha. Anafunsa mwaulemu, m'Chingerezi chawo chodukaduka, ngati chidacho chimafuna moto weniweni kapena kufunda chabe. Atamva kuti kufunda, anafunsanso ngati muli phula m'katimo. A Mizuho anadabwa, anati inde, timalilimeto timagwidwa ndi phula, likatentha kwambiri limasungunuka.

"Ndiye ndi ng'oma imeneyi," a Eveless anandiuza m'Chichewa. "Walije, gwira tebuloli."

Anathamangira kumbali kumene alendo amasutira shisha, fodya wa m'mapaipi uja, n'kubwera ndi makala ofiira m'mbale yachitsulo, aja osatulutsa utsi. Anawathira phulusa pang'ono pamwamba, n'kuyeza ndi kuseri kwa dzanja, kukweza, kutsitsa, mpaka anapeza pamene kutentha kunali kofatsa. Kenako anatambasula manja awiri. Komatu chida chimenecho ngakhale kuchiloza tinaletsedwa. A Mizuho anayang'ana makala, anayang'ana manja aja, n'kuchipereka.

A Eveless anachitembenuza pang'onopang'ono pamwamba pa makala, osachiimitsa malo amodzi, kwinaku akuchigunditsa patsaya kuti amve. Patapita kanthawi anachibweza. Mayi uja anauzira, ndipo panatuluka mawu ambiri nthawi imodzi, opyapyala, osadukiza ngakhale pokoka mpweya. Anati aphunzitsi ake akale ankagwiritsanso makala, magetsi n'zatsopano.

Supavayiza anabwerabe ndi mawu ake, kuti a Eveless akaonekere ku ofesi nthawi yomweyo, yalla, msangamsanga. A Mizuho anamuuza mosakweza mawu kuti ali ndi zida ziwiri zosinthanitsa, ndipo china chiyenera kukhala pamoto pamene china chikulira.

"Akachoka mayi awa, ine sindiimba," anatero.

Ndiye alendo anafika n'kupeza mayi wa ku Dowa, yunifomu ya hotela ili m'thupi, atakhala pambali pa woimba ndi mbale ya makala. Nyimbo zake ine sindinazimvetsebe. Munalibe poombera m'manja, munalibe poponda. Koma ndinkayang'ana a Eveless akutembenuza nsungwi zija, kugunditsa patsaya, kupereka, kulandira zinzake, osalakwitsa ngakhale kamodzi, ndipo mkwiyo wanga unatha, ndinayamba kuwanyadira.

Waningi ija sinalembedwe. M'basi pobwerera ndinawaseka kuti lero chidwi chawapulumutsa, koma mawa asayerekeze. Ndinkadikira kuti ayambe mafunso awo a masiku onse, kapena nkhani ya kwa Madisi ija. Koma iwo ankangonunkhiza zala zawo.

"Maliro a amayi anandipeza ndili kuno, tchuthi anandikaniza," anatero. "Ng'oma zawo anawamba ndi anthu ena. Lero ndawambako."