Tikuika Felesiya, mng'ono wake anaona ziphaniphani

Ndinadzuka kusanache, msana uli gwa chifukwa cha mphasa. Amayi a mvano amene anachezera kuimba anali atalema, ena akusinza chotsamira khoma la nyumba ya siwa. Panja amuna anali atazungulira chitsa cha mango chimene chinkanyekabe. Kunalibe ngakhale kamphepo, ndipo kutayamba kuyera phiri la Michesi silinaoneke, mitambo yakuda inali italikuta mpaka m'munsi.

Womwalirayo anali Felesiya, mwana wa malemu akulu anga. Iye ndi mng'ono wake Mevisi ndinawalera ndine, onse ankanditchula kuti amayi. Felesiya anali ndi pakati pa mapasa, mimba yake yoyamba. Atayamba kutupa mapazi, kenako manja ndi nkhope, anthu anati mapasa amatero. Mutu ukamupweteka ankagula mapilitsi pagolosale n'kubwerera kumunda. Tsiku limene anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, tinafika naye kuchipatala cha pa Boma zinthu zitaipa kale. Anapita pamodzi ndi anawo.

Tikutenga thupi, namwino wina anandikokera pambali. Anati kumeneku ndi kuthamanga kwa magazi kobwera ndi mimba, ndipo kumakonda wa mimba yoyamba, wa mapasa, ndiponso amene mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo. Anandifunsa ngati malemuwo anasiya abale aakazi. Ndinavomera ndi mutu, koma maganizo anga anali pa bokosi.

Kutacha, amayi a m'mudzi anabwera ndi nkhuni pamutu, wina kambale ka ufa, wina ka nandolo. Anasonkha moto kuseri kwa khola. Utsi sunkakwera m'mwamba, unkangoyenda chokwawa pakati pathu n'kumatiwawa m'maso. Adzukulu okumba manda anatumiza mawu kuti akumana ndi mwala, tidikire. Anthu ankafikabe, a kuchigwa pa njinga, a kuphiri wapansi. Akazi ankayamba kulira akangokhotera m'kanjira kathu.

Mevisi anafika dzuwa litakwera, pa kabaza wa njinga yamoto, kuchokera kwa mwamuna wake kufupi ndi Fort Lister. Apongozi ake anamuletsa kudzachezera maliro chifukwa nayenso anali ndi pakati, mimba yoyamba, itakula ndithu. Anatsika nsapato zili m'manja. Nkhope yake inali yotupa, zikope zolemera. Amene anamulandira anati mwanayu walira kwambiri. Tinamulowetsa m'nyumba mwanga, poti kwathu kuno wapakati saona nkhope ya maliro ndipo kumanda sapita.

Mwambo unayamba masana. Achimwene anga, amene ndi mwinimbumba, polankhula m'malo mwa banja anangoti mwanayu wadwala kanthawi kochepa. Kumbuyo kwanga amayi awiri ankanong'onezana kuti pamtundu pathu pali chinthu. Mlaliki anafupikitsa ulaliki, maso ake ali kumwamba, chifukwa kuphiri kunali kutayamba kugunda.

Atanyamula bokosi, ndinathamangira kunyumba kukatenga chitenje chofunda. Ndinapeza Mevisi atakhala pansi, dzanja lili m'munsi mwa nthiti za kumanja.

“Amayi, tsekani chitseko,” anatero, “ziphaniphani zikulowa.”

Kunja kunali kukuwala. Ndinayang'ana m'nyumba monse, munalibe kanthu.

“Mutu ukukupweteka?”

“Unayamba ndisanamve n'komwe za maliro. Sukusiya.”

“Kusikelo unapitako mwezi uno?”

Anapukusa mutu. Ndinadina chala pa dzanja lake, kadzenje kanatsala pomwepo. Apa m'pamene funso la namwino uja linandifika m'khutu.

Ndinawapeza achimwene gulu litayamba kale kuyenda. Ndinawagwira malaya.

“Achimwene, Mevisi ndikupita naye kuchipatala.”

“Achemwali, tiike kaye mwanayu. Mayi ndinu, mukasowa kumanda anthu ati chiyani?”

“Anene zimene anene. Mukufuna adzukulu abwerere mawa ndi makasu?”

Anandiyang'ana osaphethira. Kenako anatembenuka, n'kukaitana okha wakabaza uja, amene anali atakhala pansi pa mtengo kudikira chakudya.

Tinakwera atatu, Mevisi pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira. Msewu wa ku Boma umayamba ndi njira yomweyo ya kumanda, choncho tinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa gulu. Anthu ankapatuka, ena akundiyang'ana modabwa, nyimbo osaisiya. Kutsogolo kunali amayi onyamula nkhata za maluwa. Bokosi linkayenda pamapewa, amuna akulandirana. Tinalidutsa pafupi kwambiri moti ndikanatha kuligwira. Mevisi anali atatsinzina, chipumi chili pamsana pa woyendetsa. Sindinamuuze kuti tikudutsa mkulu wake. Madontho akuluakulu a mvula anayamba kutimenya tisanafike pamsewu waukulu.

Kuchipatala namwino anamumanga chopimira pamkono, anayang'ana, n'kupimanso. Kenako anaitana mnzake. Anamuyeza mkodzo, anamubaya jakisoni, n'kumugoneka pabedi. Pambuyo pake dokotala anandiuza kuti magazi akuthamanga koopsa, kunyumba sabwerera mpaka atachira, ndipo mwina mwana amutulutsa masiku asanakwane. Ndinafunsa ngati tafika pa nthawi yake. Anati aona mmene agonere.

Mwamuna wake ndi apongozi ake atafika, ine ndinabwerera kumudzi kudzatenga bulangeti, beseni ndi kapoto, kuti m'mawa ndilawirire.

Ndinafika dzuwa likulowa, mvula itakata. Anthu anali atabalalika. Pabwalo panatsala mafuwa, phulusa lonyowa ndi mabenchi a kutchalitchi osanjikizidwa. Achimwene anali pakhonde okha, thalauza lili ndi matope a kumanda mpaka m'mawondo.

“Mwamusiya bwanji?”

“Akupuma.”

Sanafunsenso, inenso sindinafunse mmene aikira. M'nyumba munali abale ochepa otsalira kugona pa siwa, aliyense atakhala pake, osaimba, osalira. Ndinalongedza katundu uja n'kumuika pafupi ndi chitseko. Njinga yamoto ikamveka kumsewu, tonse tinkadzutsa mitu n'kumvetsera ngati ikhotere m'kanjira kathu.