Khosi la Besi ndi Levulo Yanga

Besi inabwera ndi mkazi wanga Loweruka lina masana. Anatsika nayo kombi ku Modipane, komwe tinkachita lendi chipinda, ataisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Iye ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Phakalane. Ine ndinkamanga nyumba za anthu ku Block 10, mumzinda wa Gaborone.

"Landirani katundu wanu, abambo. Mutu wanga wauma."

"N'chiyani?"

"Tsegulani muone. Madamu amati ndikataye. Mwana wawo anapita kusukulu kunja, anachisiya m'galaja zaka zitatu."

Ndinatsegula zipi ya chikwama. Gitala ya besi. Yakuda, ya nsambo zinayi, fumbi lokhalokha. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Mwangoti zii? Kuthokoza komwe ayi?"

"Ke a leboga, mma."

"Thokozani m'Chichewa. Wasenza chinthuchi ndi wa ku Ntcheu."

Ankadziwa chimene wabweretsa. Tisanakwatirane ndinkaimba babatoni kwathu, besi yopanga tokha ija, ya ng'oma yachikopa, mtengo wautali ndi waya mmodzi wa m'tayala. Ndinkaikhalira pamwamba, n'kumayendetsa botolo pa wayayo. Ya magetsi ndinali nditaigwirako kangapo kwa anyamata a bandi pa boma, mobwereka, mwini ataima pambali. Yanga yanga, ayi. Zaka makumi anayi zinandikwanira ndilibe.

Amalawi tinkapemphera Lamlungu m'kalasi ina mu tauni. Kwaya ankaitsogolera aphunzitsi ena a kusekondale, munthu wa magalasi, wosaseka wamba. Ankaimba kiyibodi, dzanja lamanzere likugwira ntchito ya besi. Ampu yokuzira mawu a besi inalipo, inkangokhala pakona chichokereni mwini luso amene anabwerera kumudzi. Ndipo kunali ukwati. Mwana wa anesi ena a mumpingo mwathu ankakwatiwa patatsala masabata awiri.

Mawa lake, Lamlungu, titaweruka kumapemphero ndinawaimitsa aphunzitsi aja pakhomo.

"Aphunzitsi, ndili ndi besi. Ndikufuna ndidzaimbe paukwati."

"Inu? Mumatha?"

"Ndimatha."

Anayang'ana manja angawa, ong'aluka ndi simenti.

"Mubwere nayo Lamlungu likubwerali timve."

Ndinayenda mpaka pokwerera kombi osaona msewu.

Koma besiyo inali yodwala. Nsambo zadzimbiri, zikulira ngati ukumenya katoni yonyowa. Kutentha kwa m'galaja kunali kutapinda khosi lake ngati uta, moti chala changa chaching'ono chinkalowa pansi pa nsambo. Kudina imodzi kunkafuna mphamvu yonyamulira njerwa.

Ndinayamba ndi nsambo. Kusitolo ya zoimbira mu tauni anati za besi zatha, zichokera ku Joni mwezi wamawa. Ndinakumbuka kuti anyamata a bandi aja ankaziwiritsa. Lolemba ndinazimasula, ndinapita nazo kuntchito. Nthawi ya nkhomaliro ndinatsuka chitini cha penti, kuthira madzi, kusonkha moto ndi zidutswa za matabwa. Ndinazikulunga n'kuziponyamo. Anzanga anazungulira.

"Ndiwo za lero n'zimenezi, achimwene?"

"Muthireko mchere, zikhala zozizira!"

Ndinasonkhezera moto. Madzi anasanduka ngati a m'chithaphwi, mafuta akuyandama pamwamba. Ndinazivuula, kuzipukuta, kuziyanika pa malata. Dzuwa la ku Gaborone silichedwa ndi chinthu chonyowa. Nditazibwezera madzulo ndi kukoka yaikulu ija, inalira ngati belu. Ndinaseka ndekha m'chipinda.

Linatsala khosi. Ine ndine womanga. Chinthu chopindika chimandipweteka m'maso.

M'kathumba ka chikwama munali makiyi awiri a aleni, tizitsulo topindika tomangira ndi kumasulira, wamkulu ndi wamng'ono. Kumutu kwa besi kunali kachivundikiro ka masikuluwu atatu. Nditakachotsa ndinaona mutu wa chitsulo chimene chimadutsa m'kati mwa khosi lonse. Kiyi wamkulu analowa ndendende. Ndinapotokola kumanja. Chinalimba, kenako chinati tswa, chinayenda. Ndinayang'ana khosi. Linali litawongokako.

Chimwemwe chake sindingachinene. Palibe anandiphunzitsa. Ndinachipeza ndekha.

Ndinatenga levulo yanga yaifupi, ija ndimayezera mawindo. Ndinaigoneka pakati pa nsambo, pamwamba pa tizitsulo topingasa pakhosi tija. Pakati pankaoneka kuwala. Ndinapotokolanso. Tsiku lililonse ndikaweruka, kiyi ndi levulo. Lachinayi levulo inakhala pa tizitsulo tonse, kuwala osadutsa ngakhale pang'ono. Khoma langa lililonse silinawongokepo chomwecho. Ndi kiyi wamng'ono ndinatsitsa timipando ta kumunsi tomwe nsambo zimatsamirapo, mpaka nsambo zinatsala pang'ono kugona pakhosi. Kudina kunakhala ngati kukhudza nsalu.

Kunyumba ndinalibe ampu. Ndinkatsamiritsa mutu wa besi pachitseko kuti thabwa likuze mawu, kaseti ya kwaya ikulira mu wailesi. Pankamveka kaphokoso, dzzz, dzzz. Loweruka mkazi wanga atabwera anakamva asanatule n'chikwama chomwe.

"Chikulira ngati ntchentche ya m'botolo."

"Ndi chitseko."

"Chitseko chimenechi takhala nacho zaka ziwiri, sichinaimbepo."

"Ndi mahinjesi."

Ndinawathira oyilo.

Lamlungu titaweruka, kwaya inatsalira. Ndinalumikiza waya ku ampu, kagetsi kofiira kanayaka. Aphunzitsi anayamba nyimbo yolowera akwati. Ndinalowa. Dzzz. Nsambo iliyonse, malo alionse, dzzz, ndipo ampu inkakuza kaphokosoko kuposa nyimbo. Nsambo zowiritsa zija zinkangokathwetsa. Amayi a soparano anayamba kugwirana mapewa.

"Abambo abwera ndi njuchi!"

Aphunzitsi anakweza dzanja, tonse tinaleka.

"Achimwene, zala zanu zikudziwa njira, ndamva. Koma chinthucho ayi. Lachinayi madzulo ndi pulakatisi yomaliza. Chikadzalirabe chonchi, besi ndidzaimba ndine pa kiyibodi. Ukwati si malo oyesera."

M'kalasimo munalibe chitseko choti ndichinamizire.

Lolemba ndinapita nayo kuntchito. Maganizo anga anali amodzi: sinawongoke mokwanira. Nkhomaliro itakwana ndinakhala pa mulu wa njerwa, ndinalowetsa kiyi, ndinayamba kukanikiza. Chitsulo chinakana. Ndinagwira ndi manja awiri.

"Mudala! Imani!"

Anali mlonda wa puloti yoyandikana nayo, bambo wachikulire wa ku Zambia amene ankalondera simenti ndi malata masana. Tinkangopatsana moni pampanda. Tsiku limenelo anadutsa pansi pa waya, chipewa chinagwa osachitola.

"Muchita chani na chinthu icho?"

"Ndikuwongola."

"Muwongola? Ni chipupa?"

"Chinali chopindika."

"Bweresani kuno nione."

Anaigwira ngati mwana wakhanda. Anaika thupi la besiyo pansapato yake, anatsinzina diso limodzi, anayang'ana khosi kuchokera kumutu monga mlenje ayang'anira mfuti. Kenako anaona levulo ili pambali panga. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwaipima na levulo! Zaka khumi na ziwili nalizako besi mu mabala ku Kitwe, sininaonepo. Mudala, mwamanga maningi. Kunasala pang'ono chisulo cha mukati chiduke. Chikaduka, besi yasila. Muzapachika pa chipupa monga chithunzi."



Anakoka nsambo yaikulu n'kuisiya.

"Yang'anani pakati. Muona chani?"

Ndinayang'ana. Kumapeto konse kuwiri nsambo inali phee. Pakati inali itatambasuka, ikunjenjemera.

"Nsambo ikalila imavina, ndipo ivinila pakati. Manje imwe mwaimana malo yovinila. Imenya tuzisulo. Khosi ifunika ipindikeko pang'ono, dala."

"Dala?"

"Dala."

Ndinayang'ananso khosi lija. Kenako ndinati, "Ngati pakhonde. Timasiya motsetsereka kuti madzi asaime. Levulo imakana, koma timatero."

"Ehee! Kansi muziba. Nanga apa nzelu zinayenda kuti?"

Anatulutsa m'thumba khadi la mayunitsi a foni, lokala kale. Anandiuza ndidine nsambo yaikulu pa kachitsulo koyamba. Iye anadina kumapeto kwa khosi. Ndi dzanja linalo anayesa kulowetsa khadi pakati, pansi pa nsambo. Silinalowe.

"Iyi ndiye levulo ya besi. Ikangena bwino bwino, osakankha, mwasiliza."

Analowetsa kiyi, anabweza kumanzere pang'ono chabe, osazungulira ndi theka lomwe. Anachuna nsambo. Basi.

"Onjezani," ndinatero.

"Iyai. Isiyeni igone. Mutengo suthamanga."

"Ndili ndi masiku atatu."

"Silabu mukathila lelo, mumangapo lelo?"

Ndinatambasula dzanja kuti andipatse kiyi. Anamuika m'thumba la yunifolomu, anamanga batani.

"Uyu agona kuli ine. Nakuonani manja yanu."

Lachiwiri ndinafika pantchito anzanga asanafike. Khadi linalumako kumphepete, linakana kupitirira. Kaphokoso kanali katachepa koma kanalipo. Mlonda anabwezanso pang'ono, anakweza timipando ta kumunsi tija, kalikonse payekha, yaikulu pamwambako, yaing'ono pansiko. Kiyi anabwerera m'thumba. Tsiku lonse ndinamanga khoma la bafa maso ali ku chikwama chili pamthunzi. Mzere umodzi wa njerwa ndinachita kugumula.

Lachitatu m'mawa khadi linalowa lokha, likukhudza pang'ono uku ndi uku. Mlonda anandipatsa besi.

"Lizani."

Tinatsamiritsa mutu wake pa chitseko chatsopano chimene akalipentala anali atangopachika. Ndinayamba kumunsi, kachitsulo ndi kachitsulo, nsambo ndi nsambo, mpaka kumwamba. Duu. Duu. Duu. Mawu oyera, onenepa, chitseko chonse chikunjenjemera nawo. Ntchentche inali itatuluka m'botolo. Ndinaimba nyimbo yolowera akwati yonse, mlonda akumenya chidebe ndi zala. Kapitawo wathu, Mtswana, anasuzumira pawindo.

"Dumelang borra. Kuno tikumanga nyumba kapena bala?"

Ndinaika levulo pakhosi kuti ndingoona. Kuwala kunkadutsa pakati, kochepa ngati tsitsi. Kunandipweteka m'maso. Ndinakusiya.

Mlonda anandibwezera kiyi.

"Mwezi wa Okutoba kukapya, izasinthanso. Mvula ikabwela, izasinthanso. Khadi, pang'ono, igone. Levulo musiye ku mawindo."

Lachinayi ndinaweruka msanga, ndinasamba pampopi wa pantchito, ndinakwera kombi besi ili chilili pakati pa miyendo. Ndinapeza kwaya itayamba kale kusonkhana. Mayi mmodzi wa soparano anandiona.

"Tsekani mawindo, alimi a njuchi afika!"

Ndinalumikiza waya. Ndinapukuta manja pa buluku. Aphunzitsi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anawerenga mpaka kanayi, anayamba.

Ndinalowa ndi nsambo yaikulu. Mawu anatuluka mu ampu muja, anadutsa pansi pa madesiki, ndinawamva m'mapazi. Palibe anaseka. Ndime yoyamba ndinangotsata dzanja lamanzere la aphunzitsi, phazi ndi phazi. Ndime yachiwiri ndinayamba kuyenda ndekha, kukwera ndi kutsika monga ndinkachitira ndi botolo pa babatoni. Amayi aja anayamba kugwedeza mapewa. Mmodzi analuluta.

Pakati pa kolasi ndinaona dzanja lamanzere la aphunzitsi likunyamuka pa kiyibodi. Linakhala m'mwamba kanthawi ngati likufuna kubwerera. Kenako linayamba kutsogolera kwaya. Pansi ponse pa nyimbo panatsala ine ndekha.

Titamaliza anavula magalasi, anawapukuta.

"Mwaichita chiyani?"

"Ndaipinda."

"Mwaipinda?"

"Pang'ono."

Anavalanso magalasi.

"Loweruka teni koloko. Shati yoyera. Simenti mukaisiye ku Block 10."

Loweruka holo inadzaza, Amalawi a ku Gaborone konse, ena ochokera ku Lobatse. Ndinaima pafupi ndi ampu kuyambira polowa akwati mpaka podula keke. Zala zinatupa, sindinazimve. Mlonda uja sanabwere, anali pantchito, koma mkazi wanga anali atamusungira kale mbale ya mpunga ndi nkhuku pansi pa tebulo la kwaya.

Nthawi yovina, mkazi wangayo anadutsa kutsogolo kwanga mumzere wa amayi, chitenje chatsopano m'chiuno. Anapendekera kwa ine osaleka kuvina.

"Abambo, mahinjesi aja munawathira oyilo wanji?"

Ndinaweramira pa nsambo zanga. Kolasi inali ikubwera, ndipo dzanja lamanzere la aphunzitsi linali kale m'mwamba.