Mwana Wanga Anandilemba Kuti Ndinamwalira

Moni wa chiyani? Ine wakufa ndipereke moni? Usalembe zimenezo, Agnesi mdzukulu wanga. Lemba chonchi: Fabiano, ndine mayi ako.

Ku Lusaka sindinapite kukaona magetsi ayi. Ndiwe unadzandigwadira pakhonde, uli, "Amayi, sukulu ya makompyuta ili pa intaneti, aphunzitsi ali kunja, timangolipira maola ogwiritsa ntchito kompyuta ku Boma." Ndinasiya munda wanga ku Mlonyeni, n'kukwera lole, kukachapa matewera a ana a eni. Zaka zinayi! Kogona kwake m'kachipinda kosungira makala. Sabata yathunthu osamva munthu akunditchula dzina, kungoti "iwe". Ndalama ndinkamanga pakansalu n'kupatsira dalaivala. Uthenga wako unali umodzimodzi: "Ndafika pa databesi, amayi." Ine n'kumanyadira kutchalitchi, osadziwa n'komwe kuti n'chiyani.

Ndabwerako mwezi watha, iwe uli pantchito ku Lilongwe. Lachiwiri ndinapita kukalabu yathu ya alimi a mtedza kukalandira mbewu. Kalabu yoyambitsa nawo ine ndi manja angawa! Mlembi, kamtsikana ka kwa Nabanda, kanayendetsa chala pamapepala a m'kompyuta, kenako phwii kuseka.

"Agogo, pano palembedwa kuti munamwalira."

Ndili, "Nanga ndaima panoyu ndi mzukwa?"

"Kaundula wa m'kompyutayu anakonza ndi a Fabiano, ife sititha kusintha."

Pafoni paja unandiyankha wopanda manyazi, ati m'makina mwako munali timabokosi tiwiri tokha, "alipo" ndi "anamwalira", koti munthu wachokapo kaye munalibe. Zaka zinayi ndikununkha mikodzo ya ana a eni, iwe osaphunzira kuwonjezera kabokosi kachitatu? Asa!

Koma chimene chandinyansa kwambiri ndi ichi, lemba bwino Agnesi. Mbewu ya wakufa imapita kwa wachibale. Ndiye malume ako, mlongo wanga weniweni, akhala akusainira mbewu yanga chaka ndi chaka, uku shuga wanga wa ku Lusaka akumwera tiyi. Mudzi wonse unkadziwa. Palibe anatsegula pakamwa. Dzulo akundipatsa moni panjira mano onse panja, "Mwatibweretsera chiyani achemwali?"

Mizere ndaunga kale, mitambo yayamba kuda cha ku Zambia. Mbewu amaliza kugawa Lolemba. Ubwere Loweruka ndi makina akowo undidzutse, popeza unandipha ndiwe.

Basi, Agnesi. Osandiwerengeranso, ndingakwiye kawiri. Pinda, uthamange pamsewu umupatse kondakitala, minibasi isanadzaze.