Apenta Apita Kukaphunzira Kujambula

Bambo ena, omwe anthu ankangowatchula kuti Apenta, anatha zaka makumi atatu akupenta makoma a eni ake. Atapuma ntchito, mwana wawo anawalembetsa maphunziro ojambula zachilengedwe m'mbali mwa nyanja ya m'nkhalango.

Anzawo kumeneko anali mabwana a zipewa zazikulu, otsinzina diso limodzi poyeza mitengo ndi chala. Apenta anangoviika chibulashi chawo, kupaka nsalu yonse yojambulapo buluu, n'kukhala pansi.

"Koma bambo, maganizo akuya bwanji!" anatero mphunzitsi atagwira pamtima. "Mwaonamo chiyani m'madzimu?"

"Palibe, aphunzitsi. Ndikudikira iume kuti ndipakenso kachiwiri."

M'mawa mwake mabwana onse anapaka buluu. Apenta anayendera ntchito yawo akupukusa mutu. Penti inali chuchuchu, ndipo akanakhala antchito awo, akanawathamangitsa tsiku lomwelo.