Pikapu Yanga Inanyamula Mkwatibwi

Alamu anga atagula galimoto yamakono, amuna a kutchalitchi kwathu ankaizungulira, akusirira nyale zake zopyapyala ndi thupi lake lotsika, lonyezimira.

"Alamu, pikapu yanuyi ndi bokosi lonyamulira tiyi," alamuwo ankandiseka.

"Ndi imene Mulungu anandipatsa," ndinkayankha.

Pa ukwati wa mwana wanga wamkazi, mkwatibwiyo anasankha kukwera galimoto yokongolayo. Mvula inali itagwa, ndipo tisanafike pa Limbuli galimotoyo inagunda mimba pansi n'kutitimira m'matope, abusa akudikira kutchalitchi. Tinamasula maluwa pagalimotoyo n'kuwamangirira pa pikapu yanga. Inawoloka matopewo azimayi akuimba kumbuyo, ndipo mwana wanga anatsika diresi lake lili mbee. Ndinatsala pa chiwongolero, misozi ikuyenda, ndikuthokoza Ambuye amene amakweza onyozeka.