Nkhope Yawo Kumbuyo kwa Basi

Pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi simenti pali makina osokera amene akhalitsa pamenepo kuposa mwini sitolo yemwe. Eni makinawo ndi mayi wina wamfupi, wa chipsera pamwamba pa diso, amene aliyense amangowatchula kuti aManzere chifukwa sizasi amagwirira kumanzere. Kusoka amatha, koma mukamapita ndi nsalu muzipita mutaganiza kale chimene mukufuna. Mukayamba za "kaya apa, kaya apo," amakubwezerani nsalu yanu osaipinda n'komwe.

Ukali umenewu sanabadwe nawo wonse. Wina anawapatsa ndi achimwene awo.

Achimwene awowo anali wojambula ndi penti, ndipo tauni yonse inkawadziwa ndi dzina loti aChinjoka. Anayamba ndi zikwangwani za malo ometera, kenaka eni mabasi anayamba kuwaitana kuti aziwajambulira kumbuyo kwa mabasi awo. Zimene ankajambula sizinali zapadziko lino: njoka zamapiko zolavula moto, mzinda wathunthu womangidwa pamsana pa kamba, nsomba itameza mwezi mpaka mimba kuwala. Ojambula anzawo ankachita kuthamangira basi, pensulo ili m'manja, kuti akopere. Ndipo pachithunzi chilichonse pankakhala mkazi mmodzi yemweyo, lupanga kumanzere, chipsera pamwamba pa diso.

Nthawi imeneyo aManzere anali pabanja ndi kalaliki wa kudepoti ya mabasi, mwana wawo woyamba ali wakhanda. Tsiku lina akudikira kuwoloka msewu, basi inawadutsa, ndipo anadziona okha atakwera pakhosi pa chinjoka, atavala tizitsulo tongobisa pachifuwa, ntchafu zili pamtunda. Makondakitala sanachedwe nazo. "Amayi a pachinjoka! Lero mwachimangirira kuti?" Sabata isanathe, nkhani inali itafika kwa apongozi awo ndi kwa akulu a mpingo. Kalaliki uja, amene anzake ankamuseka basi iliyonse ikalowa m'depoti, sanafunse n'komwe ngati mkazi wake anavomera kujambulidwa. Anangowalongedzera zovala m'chikwama n'kuchiika panja.

AManzere analunjika kushedi kumene achimwene awo ankagwirira ntchito. Anamenya theche chitini cha penti yofiira, penti n'kuyenderera mpaka pakhomo.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani ine? Akazi onse ali m'tauni muno simunawaone?"

AChinjoka anapukutira manja pamalaya, maso ali pansi. "Sindichitira dala, mlongo wanga. Ndikafuna nkhope yosaopa kanthu, imene imabwera ndi yako."

"Yosaopa kanthu? Ndilibe pogona ine! Chinjoka chanucho chindifunditsa bulangete?"

Kuyambira tsiku limenelo aManzere sanawalankhulenso. Mkazi wa pazithunzi uja anayamba kuvekedwa zofika kumapazi, koma nkhope inali yomweyo, ndipo zimenezi zinkawapsetsa mtima kuposa poyamba. Akamva basi ikubwera ankaweramira pamakina n'kupalasa mwamphamvu mpaka singano kuthyoka. Mwana wawo wamkazi anamulera okha pakhonde lomwelo, akugona m'katoni ya zidutswa za nsalu. AChinjoka atamwalira, aManzere anapita kumaliro, anakhala kumbuyo kwenikweni, msozi osagwetsa.

Patapita chaka, ojambula amene anaphunzira kwa aChinjoka anasonkhanitsa ntchito zawo m'holo ya laibulale, zina zapamabolodi, zina zapamalata odulidwa kumabasi akutha. Mwana uja, amene tsopano anali namwino, anachita kuwakoka amayi ake.

"Amayi, ndi amalume anga aja. Mukangoona n'kubwerako."

Kanali koyamba kuti aManzere aone zithunzizo zitaima malo amodzi, zopanda fumbi kapena utsi. Analowa tsinya lili gwa, manja atapinda. Koma mamba a chinjoka chija, lililonse linali ndi mtundu wakewake, ngati mikanda yosokerera ndi dzanja, ndipo iwo ankadziwa kuti ntchito yotere imadya maso. Mumzinda wa pakamba uja, m'timawindo ting'onoting'ono munali anthu, wina akuyanika zovala, wina akumeta mnzake. Anapezeka atayandikira mpaka mlonda anawauza kuti asagwire.

Kenaka anazindikira kuti mkazi uja ankakalamba nawo limodzi. Pazithunzi zomalizira anali ndi imvi, khosi litapindika pang'ono ngati la munthu wokhalira kuwerama pamakina. Pachithunzi china chakale anali ndi mwana kumsana, akulimbana ndi chilombo chopanda maso, thupi lonse lili milomo yokhayokha.

Mtima unawaphulika. Ndiye kuti achimwene aja ankaona zonse! Ankadutsa, kuwasuzumira chapatali, n'kubwerera kukasakaniza penti. Miyendo anali nayo, pakamwa anali napo. Kufika pakhonde kudzanena kuti pepa kunawavuta chiyani?

Ali chiimire choncho, anamva mawu odziwika pamaikolofoni. Anali kalaliki uja, atachita dazi, atavala suti yomukulira m'mapewa.

"Malemuwa anali alamu anga," anatero, dzanja lili pachifuwa. "Ine ndinali mmodzi mwa anthu oyamba kuzindikira luso lawo, pamene ena ankawanyoza. Ndipo mkazi mukumuona pazithunziyu ndi ulemu waukulu kubanja lathu..."

AManzere sanadziwe kuti afika bwanji kutsogolo.

"Banja liti? Inu bambo inu, banja lake liti? Lija munalilongedza m'chikwama n'kuliika panja?"

Kalaliki anatsitsa mawu. "Mayi a mwana, muno muli alendo."

"Alendowo amve! Chilombo cha milomo icho mukuchiyesa chakumaloto? Ndi inuyo ndi mayi anu, ndi onse amene ankandiloza zala! Achimwene anga ndili nawo mlandu ine, ndipo anapita tisanaukambe. Umenewo ndi wanga. Koma inuyo musawatchule. Dzina lawo lisatulukenso m'kamwa mwanumo!"

Wina kumbuyo anayamba kuwomba m'manja, aManzere anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo analeka. Kalaliki anapatsira maikolofoni munthu amene anali naye pafupi n'kutulukira khomo la m'mbali.

AManzere anabwerera pachithunzi cha chilombo chija n'kuchikolola pamsomali. Mlonda anathamanga kuti awaletse, koma mmodzi wa ojambula aja anamugwira mkono.

"Asiyeni, n'chawo."

Bolodilo linali lolemera. Namwino anagwira mbali ina, ndipo anayenda nalo wapansi mpaka kunyumba, akupumira m'njira, anthu akuwacheukira.

Lero chithunzicho chili kuchipinda kwawo, moyang'anana ndi bedi. Mwana wawo atafunsa ngati ndiye kuti iwo awakhululukira amalume ake aja, anamuuza kuti asawafunse zopusa. Koma kukabwera mlendo amamulowetsa kuti akachione, amamuimika pamene kuwala kwa pawindo kumagwera bwino, ndipo akangoti "n'chokongola" n'kufuna kutuluka, amamubweza.

"Mwaonapo chiyani pamenepo? Taimani bwinobwino. Taonani mmene anajambulira tizala ta mwanayo."